Mlendo wamiyendo inayi sabwera yekha

Mvula ikamapita kumapeto kuno kuchigwa cha Shire, makomo athu ambiri amalandira alendo amiyendo inayi ndi amapiko. Wina wabwera ndi kamwana ka galu kuchokera kwa malume ake ku Ngabu. Mnyamata wagula nkhunda ziwiri pamsika wa Nchalo. Amayi apempha kamphaka kwa anzawo a Dorika chifukwa makoswe avuta m'nkhokwe ya mapira. Ana nawo, pobwera koweta mbuzi, atola kamba m'tchire kapena nkhasi m'thamanda, ndipo am'konzera kale malo m'beseni kuseri kwa khitchini. Zaka za madzi osefukira alendo oterewa amachuluka. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Ziweto zinabalalika, agalu anasowa ambuye awo, ndipo madzi ataphwa mabanja anayamba kufunafuna mbewu ya ziweto kulikonse kumene ikanapezeka.

Chiweto chikafika, timachiyesa mwa njira imodzimodzi. Timachiyang'ana m'maso, timachiponyera mkute, ndipo chikadya n'kugwedeza mchira timati chili bwino. Usiku womwewo chagona pamphasa ya ana. Koma akuluakulu anatichenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyama yooneka yathanzi imatha kusenza njoka za m'mimba, nthata, nkhupakupa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso kwa masabata ambiri popanda chizindikiro chilichonse. Zina mwa izi zimavutitsa chiweto chokhacho, zina zimapha ziweto zimene tinali nazo kale, ndipo zina zimagwera ana athu.

Mwezi uno tikambirane za masiku oyamba a chiweto pakhomo. Mfundo yathu ndi iyi: chiweto chatsopano chiyambe chakhala padera, chimwe mankhwala, chibayidwe katemera, kenako chizisewera ndi ana. Nyama yakutchire tiisiye kutchire.

Phunziro lochokera kutali

Ku Ulaya, ku Asia ndi ku America kuli kanyama kotchedwa salamander. Kuno kwathu kulibe. Ukakaona ungati buluzi, koma khungu lake ndi lonyowa ngati la chule, ndipo ndi pachibale ndi achule. Anthu a kumeneko amakagula m'masitolo n'kumakasunga m'bokosi lagalasi monga momwe ana athu amasungira mbira kapena akalulu.

Cha m'ma 2010 akatswiri a ku Netherlands anaona kuti mtundu wina wa tinyamati, wakuda wamawanga achikasu, ukufa m'nkhalango. Pofika 2013, pa tinyama 100 tilitonse panali patatsala tinayi tokha. M'chaka chomwecho An Martel ndi anzake a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium analengeza choyambitsa: kachilombo ka gulu la chuku kamene kamadya khungu. Atalondola gwero lake anapeza kuti kwawo ndi ku Asia, ndipo umboni unaloza ku malonda a tinyama toweta. Tinyama tambiri ta ku Asia timene tinkanyamula kachilomboka sitinkadwala, chifukwa tinakhala nako kuyambira kalekale mpaka tinazolowerana. Wogula ankaona kanyama kathanzi, kakudya bwino. Mu Januwale 2016 dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya tinyamati pofuna kuteteza ta m'nkhalango zake.

Kuyambira pamenepo oweta tinyamati amalangizidwa kuti chatsopano chilichonse chizikhala m'bokosi lakelake kwa masabata angapo chisanakumane ndi zinzake. Ngati anthu amachita zimenezi chifukwa cha kanyama kaching'ono ngati chala, nanga ife amene chiweto chathu chimadyera pabwalo pomwe khanda likukwawa?

Kamwana ka galu ndi njoka za m'mimba

Tiana ta agalu tambiri timabadwa tili kale ndi njoka za m'mimba. Mphutsi za njokazi zimagona m'thupi la galu wamkazi kwa nthawi yaitali, ndipo akatenga bere zimadzuka n'kulowa mwa ana ake adakali m'mimba, zina n'kudzera mumkaka. Kamwanako kakamakwana masabata atatu kamakhala katayamba kutulutsa mazira a njoka, ndipo njoka imodzi yaikazi imaikira mazira zikwizikwi tsiku lililonse. Kamwana kotere kamakhala ndi chimimba chachikulu, ubweya wonyankhalala, nkhama zoyera, ndipo kamatsekula m'mimba. Koma tina sitionetsa chilichonse.

Mazirawa sapatsira matenda tsiku limene atuluka. Amafuna masabata awiri mpaka anayi m'dothi kuti akhwime, ndipo akakhwima amakhala moyo miyezi yambiri, pamthunzi ngakhale zaka. Mwana wokwawa amene wagwira dothi n'kuika chala m'kamwa amawameza. M'thupi la munthu mphutsizo sizikula kukhala njoka, koma zimangoyendayenda m'chiwindi ndi m'mapapo, ndipo mwana amatentha thupi, amatsokomola, amadandaula m'mimba. Nthawi zina mphutsi imodzi imakafika m'diso n'kuliwononga. Palinso njoka zina za agalu zimene mphutsi zake zimakhala mumchenga wonyowa n'kuboola khungu la phazi kapena la matako. Zimasiya mzere wokhotakhota, woyabwa kwambiri, umene umasuntha tsiku ndi tsiku.

Poti mazira amafuna nthawi kuti akhwime, chida chathu choyamba ndi khasu. Chimbudzi cha galu chizichotsedwa pabwalo tsiku lomwelo n'kutayidwa m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa mozama kutali ndi dimba la masamba. Chida chachiwiri ndi mankhwala. Kamwana ka galu kayambe kumwa mankhwala a njoka kali ndi masabata awiri, kazibwereza masabata awiri alionse mpaka miyezi iwiri kapena itatu, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Galu wamkulu azimwa miyezi itatu iliyonse, ndipo mayi woyamwitsa amwe pamodzi ndi ana ake. Mankhwala monga pyrantel ndi fenbendazole amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa chiweto, choncho mlingo wake tikafunse kwa alangizi a ziweto, osangoyerekeza.

Kuno ndi kwa ng'ombe ndi mbuzi, ndiye pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchisiya. Tikapha mbuzi n'kupeza chiwindi kapena mapapo ali ndi matuza a madzi, timaponyera galu. M'matuza amenewo mumakhala timitu ta njoka zaphanthiphanthi ngati lamba. Galu akadya, njokazo zimakula m'matumbo mwake, mazira ake n'kubwerera pamsipu ndi pabwalo. Mtundu wina wa njokazi umapanga matuza omwewo m'chiwindi cha munthu, ndipo amakula mwakachetechete zaka zambiri. Chiwalo chamatuza chitenthedwe kapena chikwiriridwe pamene galu sangafukule.

Kamphaka nako kamabwera ndi njoka zake, komanso zipere zimene zimagwera ana mosavuta. Mayi woyembekezera asamagwire chimbudzi cha mphaka, chifukwa mumakhala kachilombo kena kotha kuvulaza mwana wosabadwa. Ntchito imeneyi agwire wina, tsiku ndi tsiku, n'kusamba m'manja ndi sopo.

Nthata si zongoyabwa chabe

Achikulire a ku Nsanje akukumbukira chaka cha 2002. Kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi, unduna wa zaumoyo unawerenga anthu 71 odwala mliri wa makoswe, umene achipatala amati plague, ndipo midzi yambiri imene inakhudzidwa inali ya m'dera la Ndamera. Matendawa amachoka kwa makoswe ndi mbewa kufika kwa munthu kudzera mwa nthata. Khoswe akafa, nthata zake zimafuna thupi lina lofunda. Mphaka kapena galu amene amasaka kutchire angathe kuzibweretsa m'nyumba, ndipo mphaka mwiniyo amathanso kudwala. Wodwala amatentha thupi mwadzidzidzi n'kutupa mwanabere wopweteka m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Mankhwala alipo ndipo amachiza, bola munthu afike msanga kuchipatala.

Sitikunena kuti kamphaka kalikonse kali ndi mliri. Tikunena kuti nthata za chiweto chochokera kumene sitikudziwa ziphedwe chisanalowe m'nyumba yogona. Nthata zimanyamulanso njoka ina yaphanthi: galu akameza nthata podzikanda amaitenga, ndipo mwana wamng'ono akaimeza mwangozi amaitenganso. Chizindikiro chake ndi tizidutswa toyera ngati mpunga pansi pa mchira wa chiweto. Matekenya nawo amaswana m'fumbi la malo amene agalu amagona.

Popha nthata m'pamene ambiri timalakwitsa. M'nyumba zambiri za kuchigwa muli botolo la mankhwala opopera thonje, ndipo dzanja limathamangira komweko. Mankhwala amenewa amalowa pakhungu. Kamwana ka galu kamayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, mwina n'kufa, ndipo mwana amene akanyamule pambuyo pake amapakika poizoni yemweyo. Mankhwala a dipi ya ng'ombe osasungunula bwino amachita chimodzimodzi. Amphaka ndiwo sapirira n'komwe: mankhwala a permethrin, amene galu amapirira, mphaka amafa nawo. Oilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka galu wamphere amawotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amam'meza. Kamwana kakang'ono tikasambitse ndi madzi ofunda ndi sopo, tikapese ndi chipeso chamano othithikana, nthata tiziponye m'madzi a sopo, ndipo masaka amene kamagonera tiwaviike m'madzi owira n'kuwayanika padzuwa lathu lotenthali. Mankhwala oyenera msinkhu wake atiuze ndi alangizi.

Chiwewe

Mwa zonse zimene chiweto chingabwere nazo, choopsa kwambiri ndi chiwewe, chifukwa zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, imfa siilephereka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Kuno kwathu, kafukufuku amene Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda a muubongo m'zaka zitatu, 14 anafa ndi chiwewe. Atatu mwa iwo ankaganiziridwa kuti akudwala malungo aakulu. Ife a kuchigwa, kumene mwana akakomoka aliyense amangoti ndi malungo, tiyenera kuisunga nkhani imeneyi, ndipo tikapita ndi mwana kuchipatala tisamaiwale kutchula ngati analumidwapo kapena kukandidwa ndi nyama m'miyezi yapitayo.

Ambiri timaopa chigalu chachikulu cholusa, koma kamwana kokongola sitikaganizira. Kamwana nako kamatenga chiwewe, ndipo ana sanena kakawaluma posewera poopa kuti makolo akachotsa. Kachilombo ka chiwewe kamatha kubisala m'thupi la galu miyezi ingapo. Choncho masabata awiri okhala padera sakwanira kutitsimikizira za chiwewe. Tisanalandire kamwana tifunse: kodi mayi wake anabayidwa katemera? Kodi m'mudzimo mwadutsa galu wachilendo woluma anzake? Kodi pa tiana tobadwa nako pali kamene kafa mosadziwika bwino? Kamwana kotola pamsewu kapena pamsasa wa othawa madzi kalibe wotiyankha mafunso amenewa, ndiye kamafuna kusamala koposa.

Katemera wa chiwewe amayamba galu akakwana miyezi itatu, koma nthawi ya kampeni abayitsi amabaya ndi tiana tomwe, ndiye tisatisiye kunyumba. Agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse akabayidwa m'dera, matendawa amasowa poyenda. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsiku la 28 Sepitembala ndi lokumbukira chiwewe padziko lonse, ndipo ndi nthawi yabwino yoti mtsogoleri wa zaumoyo pampingo akumbutse mabanja za katemera wa agalu ndi amphaka.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi chaching'ono chapafupi, kaya cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Musathire ubweya wowotcha wa galu pabala, musamange, ndipo musadikire kuti muone ngati galuyo adwale. Ngati n'kotheka popanda wina kulumidwanso, galuyo atsekeredwe masiku khumi ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe.

Kamba, nkhasi ndi achule

Mwambi umati kamba amaipitsira amene wam'tola, ndipo achipatala akuvomereza. Akamba, nkhasi, abuluzi, abilimankhwe ndi achule amakhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella m'matumbo mwawo monga mwachibadwa. Iwo sadwala nato, ndipo palibe mankhwala amene angatimalize. Timatuluka ndi chimbudzi, n'kumatirira pachigoba, m'madzi a m'beseni ndi m'manja mwa mwana. Munthu akatimeza amatsekula m'mimba, amasanza, amatentha thupi. Wamkulu wathanzi amachira m'masiku ochepa, koma kwa khanda, kwa mwana wofooka ndi malungo kapena kunyentchera, kwa agogo ndi kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, tizilomboti timatha kulowa m'magazi.

Ku America vutoli linakula mpaka mu 1975 boma linaletsa kugulitsa tiakamba tachigoba chosakwana masentimita 10, chifukwa ana ankatiika ndi m'kamwa momwe. Pakati pa 2008 ndi 2011 anthu 376 a m'dzikolo, ambiri mwa iwo ana, anadwala chifukwa cha tiachule ta m'madzi tosungidwa m'nyumba. Kumeneko n'kumene kuli madzi a m'mipope m'nyumba zambiri. Kwathu kuno beseni losungira nkhasi ndi lomwelo lotsukiramo mbale mawa lake. Pa mfundo imeneyi Levitiko 11 amatiphunzitsa kanthu: chokwawa chikafera m'chiwiya, chiwiyacho chinkayenera kuviikidwa m'madzi, ndipo chikakhala chadothi chinkaswedwa. Zokwawa ndi ziwiya zodyera sizinkaloledwa kuyandikana.

Ngozi ina ili kumene mwana amakatenga nyamazi. Madzi odikha a m'mathamanda, m'ngalande za ulimi wothirira ndi m'madambo monga Elephant Marsh ndi Ndindi ndiwo kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Mphutsi zotuluka mu nkhonozo zimaboola khungu la mwana amene waima m'madzi kufunafuna nkhasi kapena mbululu. Akatunga madziwo pamodzi ndi nkhono n'kubwera nawo kunyumba, ndiye kuti likodzo walisamutsira pakhonde. Beseni lomwelo likakhala sabata imodzi padzuwa lasanduka moswanirana udzudzu. Za ng'ona za mu Shire sitichita kukumbutsana.

Pusi ndi anzake a kutchire

Amene tili pafupi ndi Lengwe, Majete ndi Mwabvi timaona nthawi zina kamwana ka pusi kapena ka nyani komangidwa chingwe m'chiuno pakhomo pa munthu. Kamwana kotere sikachoka pamsana pa mayi wake mwamtendere. Kawirikawiri mayiyo waphedwa. Kakali kakang'ono kamasangalatsa, koma kakakula kamaluma, ndipo poti thupi la pusi n'lofanana kwambiri ndi lathu, matenda ndi njoka za m'mimba timapatsirana naye mosavuta.

Mu 2003 amalonda anatumiza tinyama takutchire kuchoka ku Ghana kupita ku America, kuphatikizapo abwampini. Anatisunga pafupi ndi tinyama tina togulitsa ngati ziweto za ana, ndipo mapeto ake anthu 47 m'zigawo zisanu ndi chimodzi anadwala matenda amene lero akutchedwa mpox. Chinayambitsa zonsezi ndi kuika chatsopano pafupi ndi chakale popanda kudikira.

Lamulo nalo lilipo. Nyama zambiri zakutchire ndi zotetezedwa, ndipo lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka akhoza kulamulidwa kukhala kundende mpaka zaka 30. Tikapeza nyama yovulala kapena yamasiye, tidziwitse a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena oyang'anira nkhalango yapafupi. Ku Lilongwe kuli malo a Lilongwe Wildlife Centre amene ntchito yake ndi kulera nyama zotere.

Masabata awiri a padera

Nzeru yopatula chokayikitsa si yachilendo kwa ife owerenga Baibulo. Pa Levitiko 13, wansembe akaona banga lokayikitsa pakhungu la munthu sankathamangira kugamula. Ankam'bindikiritsa masiku asanu ndi awiri, n'kumuonanso, ndipo ngati sizinadziwikebe ankawonjezera ena asanu ndi awiri. Nthawi inkaulula zimene maso sanaone tsiku loyamba. Ndondomeko yomweyo igwire ntchito pa ziweto zathu.

Malo tikonzeretu chiweto chisanafike: kakhola kapena ngodya yamthunzi kutali ndi khitchini, kutali ndi mtsuko wa madzi akumwa ndi pamene ana amasewera. Kutentha kwa kuno sikufuna kuti chiweto chimangidwe padzuwa, ndipo madzi akumwa asasowe. Chikhale ndi mbale yakeyake imene sibwereranso pathandala. Wochisamalira akhale mmodzi, wamkulu kapena mwana wozindikira, ndipo ziweto zakale aziyamba wazipatsa chakudya asanapite kwa chatsopano, akatero n'kusamba m'manja ndi sopo.

M'masiku awiri oyamba tichotse nthata ndi nkhupakupa, tipereke mankhwala a njoka, ndipo tikaonane ndi alangizi a ziweto za katemera. Tsiku lililonse tiziyang'ana kadyedwe, chimbudzi, maso, mphuno ndi khungu. Kutsekula kwa magazi, kukana chakudya, kuthothoka ubweya mozungulira, dovu, kusintha khalidwe, zonsezi tikanene msanga. Pa tsiku la 14 tibwereze mankhwala a njoka, ndipo ngati zonse zili bwino chiweto chituluke. Chikafa chili padera, tisachigwire ndi manja, tisachipereke kwa agalu, tichikwirire mozama ndipo alangizi adziwe.

Nkhuku, abakha, nkhanga ndi nkhunda zikhale padera masabata atatu. Chitopa chimabisala mpaka masabata awiri, ndipo ambiri tinaonapo khola lonse likutha chifukwa cha tambala mmodzi wa pamsika kapena wamphatso. Katemera wa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso, amateteza nkhuku akamabwerezedwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Mbuzi ndi ng'ombe zatsopano zikhale m'khola lapadera, ndipo boma likaletsa kuyendetsa ziweto chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amabwerabwera kuchigwa kuno, Mkhristu asakhale woyamba kuzembetsa usiku.

Zovuta zake

Tikudziwa kuti zimenezi n'zosavuta polemba. Apongozi akakupatsani nkhuku, inu n'kuitsekera payokha, akhoza kuganiza kuti mukuwakayikira. Njira yake ndi kukhala ndi lamulo limodzi pa chiweto chilichonse, chogula ndi chopatsidwa chomwe, n'kulinena poyera ndi ulemu: "Amayi, tathokoza kwambiri. Pano chiweto chilichonse chimayamba chakhala pachokha kuti chizolowere, ndiponso kuti zathuzi zisachipatsire matenda." Mawu amenewa ndi oona, pakuti matenda amayenda mbali zonse ziwiri. Ifenso popereka chiweto kwa ena tizinena zoona: mayi wake anabayidwa liti, ndi matenda anji amene adutsa m'khola mwathu. Kupatsa mnansi kamwana kamene tikukakayikira n'kukhala chete ndi kum'chitira umboni wonama.

Ndalama nazo ndi nkhani. Botolo la mankhwala a njoka kapena la katemera wa chitopa limakwanira makomo angapo, ndiye mabanja a pampingo umodzi angathe kusonkherana n'kuitana alangizi tsiku limodzi. Banja limene likuona kuti silingathe kudyetsa galu, kum'mwetsa mankhwala ndi kum'bayitsa, lichita bwino kunena kuti ayi pachiyambi pomwe. Miyambo 12:10 imayeza munthu wolungama ndi momwe amasamalira moyo wa chiweto chake, ndipo galu wanthiti zowerengeka, wodzaza nkhupakupa, pakhomo pa wosunga Sabata ndi ulaliki woipa.

Chovuta kwambiri ndi misozi ya mwana amene tamuuza kuti kamba wake abwerere. Tisam'kalipire, chifukwa chidwi chimene ali nacho pa zolengedwa ndi chabwino, ndipo n'chomwecho chimene timafuna kukulitsa mwa ma Adventurer ndi ma Pathfinder. Tikhale naye pansi, awerenge zigawo za chigoba, aone mapazi, ajambule m'kope, kenako tipite naye limodzi kukam'bwezera pamalo pomwe anam'tola tsiku lomwelo, chifukwa kamba amadziwa dera lake ndipo akatayidwa kwina amavutika. Pobwera asambe m'manja ndi sopo. Masana a Sabata aphunzitsi angatenge ana kukaona mbalame ndi zokwawa kumene Mlengi anaziika, ataima pouma, manja ali kumbuyo. Ndipo mwana amene akufunitsitsa chiweto tim'patse kamwana ka galu kodziwika kwawo, ndi kope lolembamo masiku a mankhwala ndi a katemera. Tsiku la 14 likakwana, chitseko cha kakhola atsekule ndi iyeyo.